Nyanja ya Pathebulo ku Madziwa

Munthu wolankhula Chichewa akamva dzina lakuti Madziwa, khutu lake limathamangira ku madzi. Komatu Madziwa, m'boma la Shamva m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, ndi dera la zitunda, miyala ndi minda ya chimanga, ndipo chimene chidasonkhanitsa anthu kumeneko ndi mwala wa nikelo wokumba pansi pa nthaka. Mgodi wa Madziwa udali umodzi mwa migodi ya kampani ya Bindura Nickel Corporation, pamodzi ndi wa Trojan umene uli pafupi ndi tauni ya Bindura. Monga zidalili m'migodi ndi m'mafamu ambiri a dzikolo, pakati pa antchito padali anthu ochuluka ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia. Ena adalowa m'dzikolo polembedwa ndi Mthandizi, ena adayenda wapansi kudutsa ku Tete, ndipo ambiri adafika nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, nayamba kusuntha kuchoka mgodi uwu kupita mgodi uwo mpaka kudzakhazikika pa Madziwa. Kumudzi kwawo anthu oterewa amatchedwa matchona.

Mmodzi mwa iwo adali bambo wina wobadwira m'mphepete mwa nyanja, kumwera kwa Monkey Bay, amene ankagwira ntchito ya ukalipentala pamgodipo. Ntchito yawo idali yokhoma zitseko, kukonza madenga a nyumba za m'komboni ndi kucheka matabwa opita pansi. Koma ana a m'kombonimo sankawadziwa ndi ntchito imeneyi. Ankawatchula kuti a Kaputeni, chifukwa kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa shedi ya malata akale, padali thebulo lalikulu lopaka utoto wobiriwira ngati madzi akuya, ndipo pathebulopo padali sitima zazing'ono zapamadzi, madoko, mabwato ndi midzi.

Luso limeneli lidayambira m'nyumba ya injiniya wina wachizungu amene adawaitana kuti akamukhomere mashelefu. M'chipinda china a Kaputeni adaona tisitima tankhondo tambirimbiri, kalikonse kotalika ngati chala, titandandalikidwa pansalu. Mwini nyumbayo ndi anzake ankasewera nato Loweruka madzulo, ali ndi lula, madayisi ndi kabuku ka malamulo. Masewerawa ali ndi mbiri yake. M'chaka cha 1824 msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, adaonetsa akuluakulu a asilikali masewera ophunzitsira nkhondo pamapu otchedwa Kriegsspiel. Mu 1898 Fred T. Jane wa ku England adayamba kusindikiza buku la zithunzi ndi miyeso ya sitima zankhondo za maiko onse, ndipo adakonzanso masewera a nkhondo yapanyanja ogwiritsa ntchito tisitima tosema. Mu 1913 H. G. Wells adatulutsa buku lakuti Little Wars, limene lidathandiza kuchotsa masewerawa m'manja mwa asilikali okha nkuwafikitsa kwa anthu wamba. Kalipentala uja sankadziwa mayina onsewa panthawiyo. Chimene adaona nchakuti munthu angathe kuika nyanja pathebulo, ndipo iwo adali atatha zaka zambiri osaiona nyanja yakwawo.

Atayamba kusema zawo, adakumana ndi funso limene wopanga aliyense wa tinthu totere amakumana nalo: kodi chinthu chenichenicho uchichepetse kangati? Osewera nkhondo yapanyanja ambiri amakonda muyeso wa 1:1200 kapena wocheperapo, kutanthauza kuti sentimita imodzi pathebulo ikuimira mamita 12 panyanja. Muyeso umenewu ndi wabwino kwa munthu wofuna kuyendetsa sitima makumi awiri nthawi imodzi. Sitima ya Ilala, imene ndi yotalika mamita pafupifupi 52, pamuyeso umenewu imangopitirira pang'ono masentimita anayi. Koma munthu woimirira m'sitimamo sakwana ngakhale mamilimita awiri. Amachepa kuposa njere ya mapira, ndipo opanga ambiri samuikamo nkomwe. A Kaputeni adayesa muyesowu kamodzi, naukana. Adasankha 1:100, pamene Ilala imatalika masentimita 52 ndipo munthu amayandikira masentimita awiri, wokwanira kumusema mutu, mapewa ndi katundu amene wasenza.

Kusankha kumeneku kudali ndi mtengo wake. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo pamuyeso wa 1:100 ikadafuna thebulo la makilomita asanu ndi theka. Choncho pathebulo la a Kaputeni sitima ndi anthu zidali pamuyeso woona, koma madzi adali ofinyidwa: kuchoka ku Monkey Bay kufika ku Nkhata Bay udali mtunda wa mikono itatu basi. Mnzawo wina wa ku Likoma, amene ankagwira ntchito yokonza mapampu, ankawaseka chifukwa cha zimenezi.

"Achimwene, nyanja yanuyi mwana angaiwoloke ndi mpiringidzo umodzi wa nkhafi," ankatero.

"Madziwo ndingawachepetse, achimwene," ankayankha a Kaputeni, "koma munthu ndikamuchepetsanso asowa."

Zipangizo zawo zidali zotsala za pamgodi ndi za m'khitchini. Thunthu la sitima ankalisema kuchokera ku thabwa la paini la mabokosi akale, chifukwa ndi lofewa ndipo silikana mpeni. Mlombwa, umene Ashona amautcha mukwa, ankausungira matabwa a pamwamba pa sitima ndi mabwato. Pansi pa thunthulo ankapala kuti pakhale posalala, popeza sitima ya pathebulo imapangidwa kuyambira pamene madzi amalekezera kupita m'mwamba. Mbali yomira siioneka, ndipo ikasemedwa sitimayo imagudubuzika. Chumuni inkachokera ku kachidutswa ka paipi ya mkuwa, milongoti ku masipoko a njinga, zingwe ku ulusi wakuda wopaka phula la kandulo kuti usachite ubweya. Zitini za mafuta ophikira ankazidula ndi sizasi yodulira malata nkupanga makoma a zipinda ndi madenga. Magombe ankawaumba ndi utuchi wosakaniza ndi guluu wa matabwa, nawaza mchenga wosefa guluuyo asanaume. Miyala ya ku Likoma idali timiyala tenitheni totola m'mbali mwa msewu.

Popenta ndi pamene ankachedwa kwambiri. Poyamba ankapaka penti yopyapyala yotseka timabowo ta thabwa, naisiya masiku awiri, kenaka nkupala ndi sandipepa. Pamwamba pake ankapaka mtundu weniweni kawiri kapena katatu, mosungunula, popeza penti yokhuthala imakwirira timizere tonse timene mpeni udavutikira. Pomaliza ankasungunula mwaye wa nyali m'parafini nkuuyendetsa m'makona ndi m'mphepete mwa zitseko kuti mithunzi ioneke, ndipo dzimbiri la pansi pa nangula ankalipanga ndi fumbi la njerwa yowotcha. Ankanena kuti sitima yopanda dzimbiri ndi mwaye ndi sitima imene sidanyamulepo munthu. Burashi yolembera timizere tating'ono adaipanga okha ndi ubweya wa kumchira kwa mbuzi womangirira ku kamtengo ka nsungwi.

Sitima zankhondo zimene adasema zidali ziwiri zokha, ndipo zonse zidayendadi panyanja yakwawo. Imodzi idali Guendolen ya Angerezi, imene idalumikizidwa ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, nkuyamba kuyenda mu 1899. Inayo idali Hermann von Wissmann ya Ajeremani, amene panthawiyo ankalamulira dziko la kum'mawa kwa nyanja chakumpoto. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Edmund Rhoades, idawoloka nyanja nkufika padoko la Sphinxhafen, lomwe tsopano ndi Liuli ku Tanzania, pa 13 August 1914. Idapeza sitima ya Ajeremani itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe. Mzinga udalira, ndipo Kaputeni Berndt wa sitimayo, amene adali bwenzi la Rhoades, adali asanamve nkomwe kuti nkhondo yayamba. Adagwidwa, sitima yake nkulemazidwa, ndipo mu May 1915 Angerezi adabwereranso kukaionongeratu. Chifukwa cha zimenezi nyanja idakhala m'manja mwa Angerezi, amene adatha kutumiza asilikali ndi katundu pamadzi kupita ku Karonga, kumene kudachitika nkhondo pa 9 September 1914. Mzinga wa Guendolen uli ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi, ndipo a Kaputeni adauona ali mnyamata; miyeso ya kamzinga ka pathebulo adaitenga m'mutu.

Nkhondo ya ku Sphinxhafen ndi yovuta kuisandutsa masewera, chifukwa sitima imodzi idali pamtunda ndipo zonse zidatha kadzutsa asanapse. A Kaputeni adapeza njira. Masewera asanayambe ankaponya dayisi: ikagwa pa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndiye kuti uthenga wa nkhondo wamufika Berndt msanga, ndipo sitima yake ili pamadzi. Mphepo nayo inkaponyeredwa dayisi. Ikakhala mwera, wochokera kumwera, sitima yolowera kumpoto inkayenda zikhatho zitatu, yobwerera zikhatho ziwiri. Ukakhala mpoto, zinkatembenuka. Malamulo oterewa ngofanana ndi a osewera ena kulikonse. Lamulo limene lidali lawolawo lidali la nkhuni.

Sitima za panyanjayi masiku amenewo zinkayendera nthunzi, ndipo moto wake unkasonkhedwa ndi nkhuni. M'mphepete mwa nyanja mudali malo oimapo sitima kuti zitenge nkhuni zimene anthu a m'midzi adadula ndi kuunjika. Agogo awo a a Kaputeni adali mmodzi mwa odula nkhuniwo. Choncho pathebulopo sitima iliyonse inkanyamuka ndi timitengo khumi ta machesi, ndipo ikayenda kamodzi kamtengo kamodzi kankachotsedwa. Timitengo tikatha sitima inkaima pomwepo, mzinga wake uli chilozere kumene kulibe mdani. Kuti ipeze tina inkayenera kukocheza padoko, ndipo doko lililonse lidali ndi mwini wake: mwana mmodzi wa m'komboni amene ankaimira mudzi. Mwanayo ankatha kupereka nkhuni, kuumira, kapena kunena kuti amuna onse a m'mudzimo atengedwa kukasenza katundu wa asilikali ndipo palibe wogwira nkhwangwa. Ana adazindikira msanga kuti mpando wokoma pamasewerawo sudali wa kaputeni. Ankalimbirana madoko.

Lamuloli lili ndi maziko m'mbiri. Nkhondo imeneyi, imene Amalawi adaitcha ya Chiwaya, monga dzina la buku la Melvin Page la mu 2000 likusonyezera, idatenga amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko la Nyasaland kukagwira ntchito ya mtengatenga, kuwonjezera pa amene adalembedwa usilikali. Ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda. John Chilembwe adalemba kalata yodandaula za kutengedwa kwa anthu akuda kupita kunkhondo ya eni ake chakumapeto kwa 1914, miyezi yowerengeka asanaukire boma mu January 1915. M'mabuku ofotokoza za Sphinxhafen mumapezeka mayina a makaputeni awiri ndi kukula kwa mzinga. Osonkha moto, oyendetsa chiwongolero, ophika ndi odula nkhuni amangotchulidwa mwa apo ndi apo. Pathebulo la ku Madziwa anthu amenewa adalipo, aliyense wotalika ngati chikhadabo, ndipo ndiwo adadya nthawi yochuluka ya wosemayo kuposa sitima zomwe.

Nchifukwa chake madoko ndiwo adali mtima wa ntchito yonseyo. Padoko la Monkey Bay padali mathandala oyanikapo usipa, opangidwa ndi timabango, usipawo uli tizidutswa ta pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Padali makoka osokedwa ndi nsalu ya neti yotchingira udzudzu, amayi otsuka mbale, mwana wothamangitsa galu, ndi mulu wa nkhuni woyalidwa bwino. Ku Likoma kudali mibuyu iwiri yosemedwa ku muzu wouma ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter, chimene mnzawo wa mapampu uja adaumirira kuti mawindo ake awerengedwe bwino. Anzawo ena a m'komboni ankavina beni Lamlungu masana, atavala mayunifolomu ndi nyota zongopanga, gule amene Terence Ranger adafotokoza mbiri yake m'buku la mu 1975. A Kaputeni sankavina, koma ankati iwo ndi a beniwo ntchito yawo ndi imodzi: kutenga zida za nkhondo ya azungu nkuzisandutsa zoseweretsa za eni mudzi.

Sitima zonyamula anthu adasemanso. Ilala, imene idapangidwa ku Scotland ndi kampani ya Yarrow mu 1949, nkubwera m'zidutswa, nkuyamba kuyenda panyanja mu 1951, adaisema katatu, chifukwa ndi yokhayo imene adakwerapo ndipo nthawi iliyonse ankakumbukira kanthu kena kamene adasiya. Adasemanso Chauncy Maples ya amishoni a Anglican. Koma Vipya, imene idamira pa 30 July 1946 pafupi ndi Florence Bay nkupha anthu 145, adakana kuisema ngakhale anzawo adawapempha. Ankati sitima imene idakali ndi anthu m'kati mwake siyoyendetsa ndi dayisi.

Mgodi wa Madziwa udatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo komboni idayamba kuphwasuka. Ena adapita ku Trojan, ena ku Shamva, ena kukasaka golide m'mphepete mwa mtsinje wa Mazowe. Nthawi yomweyo, mu 2001, lamulo la unzika la Zimbabwe lidasinthidwa, ndipo anthu ambiri obadwira m'dzikolo kwa makolo a ku Malawi adapezeka kuti akuwerengedwa ngati alendo mpaka atakana mwalamulo unzika wa dziko limene ena a iwo adali asanapondemo. Malamulo aakulu a mu 2013 ndiwo adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC. A Kaputeni, pokhala obadwira ku Malawi, akadatha kubwerera. Mnzawo wa ku Likoma adabwereradi, ndipo potsazikana adawauza kuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Iwo adatsala. Akazi awo adaikidwa m'manda a pamgodipo, ana awo adakwatira ndi kukwatiwa ndi Ashona, ndipo kunyanja onse owadziwa adali atatha. Adapeza kamalo m'mudzi wapafupi, nasamutsira thebulo lija pangolo ya ng'ombe, atalidula pakati kuti likwane.

Kumudziko vuto lidali lakuti osewera adasowa. Ana a m'komboni, amene ankamva Chichewa ngakhale ankayankha m'Chishona, adali atabalalika. Adzukulu awo ankawatchula kuti Sekuru, ndipo mwa onsewo mmodzi yekha, mtsikana, ndiye ankakhala pansi pa shedi mpaka dzuwa kulowa. Iyeyu adaphunzira Chichewa chake chambiri pathebulopo, ndipo chidali Chichewa cha kunyanja: ankadziwa mwera, vuma, nkhafi, chilimira ndi thandala asanadziwe mawu ambiri a kumunda. Tsiku lina, ali kale ku sekondale, adafunsa funso limene adali atalisunga.

"Agogo, nkhondo iyi idali ya Angerezi ndi Ajeremani. Inu mukuisungiranji?"

Mkuluyo adatola kamunthu kamodzi ka pamulu wa nkhuni, kosenza mtolo paphewa, nakaika m'dzanja la mtsikanayo.

"Awa ndi agogo anga. Chithunzi chawo palibe, manda awo sindingakulozere. Ndikachotsa sitimazi, iwe udzafunsa kuti nkhunizo ankadulira yani, ndipo sipadzakhala chokuonetsa."

Yankho limeneli likusonyeza chimene ntchito yonseyi idali. Munthu amene ali kutali ndi kwawo amasunga kwawoko m'njira zosiyanasiyana: wina m'gule, wina m'mapemphero a kumzikiti kapena kutchalitchi, wina m'bungwe lothandizana pamaliro. Njira ya a Kaputeni idali ndi ubwino umodzi umene zinazo zilibe, wakuti siilola kukumbukira mwachisawawa. Wokamba nkhani pamoto angathe kungonena kuti nyanja yakwathu njokongola, omvera nkuvomereza. Wosema ayenera kudziwa kuti chumuni ya Ilala ili pati, kuti bwato limatalika kangati poyerekeza ndi mwini wake, kuti thandala limafika m'chiuno kapena pachifuwa. Pamene waiwala, mpeni umaima. A Kaputeni akafika pamalo potere ankapita kukafunsa Mmalawi wina wokalamba, nthawi zina mpaka ku Bindura, ndipo mwa njira imeneyi thebulo lawo lidasonkhanitsa zokumbukira za anthu ambiri amene tsopano adamwalira.

Maso atayamba kuchita khungu, adaleka kupenta koma sadaleke kusema, popeza zala zinkadziwa njira. Atamwalira, m'chitini cha tiyi mudapezeka tianthu toposa makumi atatu tosapenta. Theka la thebulo lidadyedwa ndi chiswe chaka chimene shedi idagwa ndi mvula, ndipo mbali ya Likoma idapita nalo. Sitima zidapulumuka chifukwa zidali m'sutikesi.

Nyumba za mgodi wa Madziwa pambuyo pake zidasanduka sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya Madziwa Teachers' College, ndipo mdzukulu uja adaphunzira komweko. Tsopano amaphunzitsa kusukulu ya pulaimale m'boma lomwelo la Shamva. Akafika paphunziro la miyeso amanyamula Ilala ya masentimita 52 kupita nayo m'kalasi, napatsa ana lula kuti apeze kutalika kwa sitima yeniyeniyo, kenaka nkutuluka nawo pabwalo kukayeza mamita 52 ndi chingwe. Amawauzanso kuti madzi a mvula yogwa pa Madziwa amatsikira mu Mazowe, Mazowe nkuthira mu Luenha ku Mozambique, Luenha nkuthira mu Zambezi, ndipo kumunsi kwake Shire amabweretsa madzi a m'nyanja ya Malawi mumtsinje womwewo. Nyanjayo iye sadaionebe. Tianthu ta m'chitini tija akutipenta pang'onopang'ono pa tchuthi, ndipo akafika pa kamunthu kamene sakudziwa chimene kasenza, amakasiya kaye pambali mpaka atapeza wachikulire womufunsa.